Denis Burkitt, dotolo wa diso limodzi amene adalondola chotupa cha ana

Aliyense amene adagwirapo ntchito m'wodi ya ana m'zipatala zathu amachidziwa chotupa chimenechi. Mayi amafika ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, tsaya litafufuma, mano akugwedera, nthawi zina diso litatong'oka. Ukafunsa kuti zidayamba liti, umamva kuti sipanathe ndi mwezi womwe. Ambiri amakhala atayamba apita kokazulitsa dzino, ena kwa asing'anga. Pakhadi timalemba dzina lachizungu: Burkitt.

Ndili kusukulu ya zaumoyo, dzinali ndidangoliloweza ngati dzina la matenda kuti ndikhoze mayeso. Padapita nthawi ndisanadziwe kuti mwini dzinali adali munthu wa diso limodzi, amene adafika mpaka kuno kwathu pagalimoto yakale akufunsa za chotupachi. Sindinkadziwanso kuti maselo otengedwa m'chotupa chomwechi ndiwo adathandiza akatswiri kuona mmene selo la khansa lingalamulidwire kuti lidziphe lokha.

Mwana wa woyeza misewu

Denis Parsons Burkitt adabadwa pa 28 Febuluwale 1911 ku Enniskillen, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo ake, James Burkitt, adali injiniya woyang'anira misewu ndi milatho m'boma la Fermanagh, koma akaweruka ankakonda kuyang'ana mbalame. Ankagwira timbalame totchedwa robin, n'kutiveka timphete kumiyendo kuti azitha kusiyanitsa kamodzikamodzi, kenako n'kujambula pamapu dera limene kambalame kalikonse kankateteza. Mwanayo adakula akuona kuti munthu wokhala ndi pensulo, mapu ndi kuleza mtima angathe kupeza zimene ena sadazione.

Ali ndi zaka 11, anyamata akugendana kusukulu, mwala udam'menya kumaso ndipo diso lakumanja lidawonongeka mpaka kuchotsedwa. Moyo wake wonse adakhala ndi diso lagalasi. M'kalasi sadali wodziwika ndi nzeru zapadera. Mu 1929 adalowa ku Trinity College mumzinda wa Dublin kukaphunzira uinjiniya ngati bambo ake, koma posakhalitsa adasintha n'kuyamba udotolo, chifukwa monga Mkhristu wolimbikira ankaona kuti kumeneko ndiko adaitanidwira. Adamaliza mu 1935, ndipo mu 1938 adakhoza mayeso a madotolo a opaleshoni ku Edinburgh.

Ankafunitsitsa kukagwira ntchito ku Africa, koma atafunsira ntchito m'boma la atsamunda adakanidwa, ndipo nkhani ya diso idali pakati pa zifukwa zake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo idam'tsegulira njira: gulu lankhondo la Britain lidam'lemba udotolo n'kum'tumiza ku Kenya, Somaliland ndi Ceylon. Mu 1943 adakwatira namwino, Olive Rogers, ndipo adabereka ana aakazi atatu. Nkhondo itatha, amene adam'kana aja adam'landira, ndipo mu 1946 adafika ku Uganda.

Adayambira kuchipatala cha Lira, kumpoto kwa dzikolo. Kumeneko adaona kuti abambo otupa kumaliseche chifukwa cha madzi, aja timati a phudzi, ankachokera kwambiri mbali imodzi ya bomalo kuposa inzake. Adayamba kulemba kwawo kwa wodwala aliyense n'kuika pamapu. Chizolowezi chofunsa kuti matendawa ali kuti, ndipo kulibe kuti, chidayambira pamenepo. Mu 1948 adasamukira kuchipatala chachikulu cha Mulago ku Kampala.

Ana awiri, chotupa chimodzi

Mu 1957 dotolo mnzake, Hugh Trowell, adamuitana kuti akaone mnyamata wa zaka zisanu amene adatupa nsagwada zonse, zam'mwamba ndi zam'munsi, kumanja ndi kumanzere. Khansa sichita choncho kawirikawiri, ndipo Burkitt adangoti ndi zachilendo zongochitika kamodzi. Patapita milungu yochepa, ali kuchipatala cha Jinja, adaona mwana wina wotupa chimodzimodzi, ndipo ameneyu adalinso ndi zotupa m'mimba.

Atabwerera ku Mulago adafukula mafailo akale. Adapeza kuti ana amene adalembedwa kuti ali ndi khansa ya nsagwada, ya diso, ya impso kapena ya thumba la mazira nthawi zambiri ankakhala ndi zotupa m'malo angapo nthawi imodzi. Maganizo ake adali akuti si khansa zosiyanasiyana ayi, koma nthenda imodzi yotulukira malo osiyana. Mu 1958 adalemba za ana 38 m'magazini ya madotolo ya British Journal of Surgery, koma ochepa okha ndiwo adalabadira. Akatswiri oyeza minofu ku Kampala, Gregory O'Conor ndi Jack Davies, ndiwo adaonetsa kuti chotupachi ndi lymphoma, kutanthauza khansa ya maselo oyera a magazi amene amakhala m'anabere ndi malo ena oteteza thupi.

Tinene zoona: Burkitt sadali woyamba kuchiona chotupachi. Makolo a ana a ku Uganda ankachidziwa kalekale, ndipo Albert Cook, dotolo wa mishoni ku Mengo, adalembapo za mwana wotere kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Chatsopano chimene Burkitt adachita ndicho kulumikiza zidutswa zimene zidali zitamwazikana m'mafailo, kenako n'kufunsa funso la bambo ake lija: malire ake ali pati?

Ulendo wautali

Ndi ndalama zokwana mapaundi 25 okha, adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala n'kutitumiza kuzipatala za boma ndi za mishoni mu Africa yense. Mayankho atabwera adabaya timisomali pamapu, ndipo padaoneka lamba wopingasa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira kumwera motsata gombe la kum'mawa.

Mu Okutobala 1961 adanyamuka ku Kampala ndi madotolo anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pagalimoto yakale ya Ford. Kwa milungu khumi adayenda makilomita pafupifupi 16,000 n'kuyendera zipatala zoposa 50, kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Southern Rhodesia mpaka South Africa. Analibe makina alionse. Ankangoonetsa zithunzi kwa madotolo, anamwino ndi othandizira madotolo, n'kufunsa ngati adaonapo ana otere ndiponso kumene anawo ankachokera.

Dziko lathu lidapereka yankho lomveka bwino chifukwa lili ndi zigwa ndi mapiri moyandikana. Chotupachi chinkapezeka kwambiri m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha, koma chinkasowa m'madera okwera. Pafupi ndi equator malire ake adali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kuno adatsika kufika pafupifupi mamita 900, ndipo kumwera kwenikweni adatsikiratu. Apa zidaoneka kuti nkhani si kukwera kwa malo pakokha, koma kuzizira: kumene kumazizira kupitirira madigiri 15 kutsika m'munsi, chotupachi chinkasowa. Ulendo wina wa ku Nigeria ndi Ghana udaonetsa kuti chinkasowanso kumadera ouma, kumene mvula siifika mamilimita 500 pachaka.

Khansa yotsata kutentha ndi mvula idali chinthu chosamvekapo. Mapu ake ankafanana ndi mapu a tizilombo touluka toluma anthu, choncho ambiri, kuphatikizapo Burkitt, adaganiza za kachirombo kofalitsidwa ndi udzudzu.

Kachirombo ndi malungo

Mu Malichi 1961, ulendo uja usanachitike, Burkitt adakamba za chotupachi kuchipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera mudali katswiri wa tizirombo, Anthony Epstein, amene adapempha kuti azim'tumizira tizidutswa ta zotupa pandege. Kwa zaka zoposa ziwiri sadapeze kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina idachedwa chifukwa cha chifunga, ndipo madzi amene mudali kachidutswa adafika ali mbuu. M'malo motaya, Epstein adayang'ana pamaikulosikopu napeza kuti mbuuyo adali maselo amoyo a chotupa amene adayoyoka m'njira. Maselowo adamera mulabotale, ndipo mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adalengeza kuti apezamo kachirombo katsopano. Ndiko kamene lero timati Epstein-Barr, koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa ya munthu.

Koma kachiromboka sikafalitsidwa ndi udzudzu. Kamayenda m'malovu, ndipo anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse padziko lapansi ali nako popanda vuto. Nanga mapu aja? Yankho lidali malungo. Chotupachi chimachuluka kumene ana amadwala malungo mobwerezabwereza chaka chonse. Burkitt adavomereza kuti ganizo lake loyamba lidali lolakwa ndipo adakhala mmodzi mwa olimbikitsa kufotokoza kwatsopanoku.

Lero tikudziwa mmene ziwirizi zimagwirizanirana. M'magazi muli maselo otchedwa B, amene ntchito yawo ndi kupanga ma antibody, timapuloteni timene timagwira tizirombo tolowa m'thupi. Kachirombo ka Epstein-Barr kamabisala m'maselo amenewa. Malungo obwerezabwereza amawakakamiza kuti azigawikana kosalekeza, komanso amafooketsa maselo ena amene amalondera kachiromboka. M'chipwirikiti chotere pamachitika ngozi: kachidutswa ka chromosome 8 kamasinthana malo ndi ka chromosome 14. Jini yotchedwa MYC, imene imalamula selo kuti ligawikane, imakakhala pafupi ndi jini yopanga antibody, yomwe mu selo la B siizimitsidwa. Zili ngati kutenga lamulo loti berekanani n'kuliika pachimkuzamawu cholira usana ndi usiku. N'chifukwa chake chotupachi chimatha kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri. Kusinthana kwa ma chromosome kumeneku kudadziwika m'zaka za m'ma 1970, ndipo gawo la MYC lidatsimikizika mu 1982.

Chotupa chosungunuka

Opaleshoni sinkathandiza, ndipo ku Uganda kudalibe makina owotchera khansa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Burkitt adapempha mankhwala kumakampani, nayamba kupatsa ana methotrexate, kenako cyclophosphamide. Ku Nairobi, Peter Clifford ankayesanso zofanana. Zotsatira zake zidadabwitsa dziko: zotupa zikuluzikulu zinkaphwa m'masiku ochepa, ndipo ana ena adachiriratu atalandira mankhwala kamodzi kapena kawiri kokha. Nthawi imeneyo anthu ambiri sankakhulupirira kuti mankhwala okha angachize khansa. Mu 1972 Burkitt adali mmodzi mwa olandira mphotho ya Lasker chifukwa cha ntchitoyi, ndipo chaka chomwecho adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society.

Chifukwa chimene chotupachi chinkasungunukira chotero iye sakadatha kuchifotokoza, poti ngakhale mawu ake kudalibe. Mu 1972 momwemo akatswiri atatu, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, adatchula dzina loti apoptosis, lochokera ku Chigiriki, lonena za kuyoyoka kwa masamba mumtengo. Selo lingafe m'njira ziwiri. Likavulazidwa limatupa n'kuphulika, zam'kati mwake n'kumwazika, malowo n'kuyamba kutentha ndi kupweteka, ngati nyumba yakupsa. Koma selo lililonse lilinso ndi dongosolo lodzigwetsa lokha mwakachetechete, monga mwini nyumba amasasula denga, kuchotsa zitseko ndi kusanja njerwa kuti ena atenge. Limafota, limadula DNA yake m'tizidutswa, n'kudzimanga m'timitolo timene maselo osesa otchedwa macrophage amameza. Ndi njira imeneyi imene imalekanitsa zala za mwana ali m'mimba.

Jini ya MYC ili ndi mbali ziwiri: imathamangitsa selo kuti ligawikane, komanso imaliika pafupi ndi imfa yadongosoloyi. Selo la Burkitt limakhala ngati munthu wothamanga m'mphepete mwa phompho. Ukaika kachidutswa ka chotupachi pamaikulosikopu, umaona maselo a khansa othithikana ngati mdima, ndi timadontho towala apo ndi apo ngati nyenyezi usiku. Timadontho timeneto ndi ma macrophage okhuta maselo akufa. Mankhwala a Burkitt aja ankawononga DNA, ndipo kwa selo lokhala kale m'mphepete, kukankha pang'ono kunali kokwanira.

Antibody yonyamula uthenga wa imfa

Maselo a zotupa za Burkitt adapitiriza kukhala ndi moyo m'malabotale. Otchedwa Raji adatengedwa kwa mnyamata wa ku Nigeria mu 1963, a Daudi kwa mnyamata wa ku Kenya mu 1967, a Ramos kwa mwana wa ku America, ndipo mpaka lero amagwiritsidwa ntchito padziko lonse. Mwa zina, athandiza kuyankha funso ili: kodi pali njira youzira selo la khansa kuti life, popanda kuthira poizoni thupi lonse?

Selo la B limavala antibody yakeyake pakhungu pake, ngati mlongoti womvera uthenga. Mlongotiwu ukagwira chinthu, uthenga umalowa m'kati, koma tanthauzo lake limadalira msinkhu wa selolo ndi zimene zikuchitika pambali. Kwa selo lokhwima limene lakumana ndi kachirombo n'kulandiranso chilolezo kuchokera ku maselo otchedwa T, uthengawo umatanthauza kuti chulukana, menya nkhondo. Kwa selo laling'ono la m'mafuta a m'mafupa limene lagwira mwamphamvu mnofu wa thupi lomwelo, uthengawo ungatanthauze kuti ifa, chifukwa selo lotere likakula lidzaukira mwini wake.

Akatswiri adapeza kuti maselo ena a Burkitt, monga a Ramos, sadaiwale lamulo lachiwirili. Ukawathira antibody yopangidwa kuti igwire milongoti yawo ija, milongotiyo imakokedwa n'kuunjikana pamodzi. Calcium amasefukira m'kati mwa selo. Timatumba topanga mphamvu totchedwa mitochondria timabooka n'kutulutsa puloteni ya cytochrome c, ndipo iyi imadzutsa ma enzyme otchedwa caspase, amene ali ngati malumo odula selo kuchokera m'kati. Selo limasiya kugawikana, kenako limafa. Koma ukapereka nthawi yomweyo uthenga wa chilolezo uja kudzera pa puloteni ya CD40, maselo ambiri amapulumuka. Apa antibody siikhala poizoni. Imangogogoda pakhomo loyenera, wodzipha ndi selo lenilenilo.

Kuti izi zifike kwa wodwala padafunika njira yopangira antibody ya mtundu umodzi yambirimbiri, ndipo Georges Köhler ndi César Milstein adaipeza ku Cambridge mu 1975. Mu 1989 gulu la Peter Krammer ku Heidelberg lidaonetsa kuti antibody yogwira puloteni imene lero timati Fas inkafotetsa lymphoma ya munthu yoikidwa mu mbewa poyambitsa apoptosis. Mu 1997 dziko la America lidavomereza rituximab, antibody yogwira puloteni ya CD20 imene ili pa maselo a B. Imapha m'njira zingapo: imaika chizindikiro kuti maselo achitetezo abwere kudzapha ndi kumeza selolo, imaitana mapuloteni a m'magazi oboola khungu la selo, komanso imatumiza uthenga wokankhira selo ku imfa yadongosolo. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2020, wa ana odwala kwambiri a m'maiko olemera, ambiri mwa iwo a Burkitt, adapeza kuti kuwonjezera rituximab pamankhwala a khansa kudakweza chiwerengero cha okhala bwino patatha zaka zitatu kuchoka pa 82 kufika pafupifupi 94 pa 100 alionse.

Gaga ndi zaka zomaliza

Burkitt sadazione zimenezi. Adasiya opaleshoni mu 1964 n'kulowa ntchito ya kafukufuku, ndipo mu 1966 adabwerera ku England. Kumeneko mapu adam'tengeranso kwina. Adaona kuti khansa ya m'matumbo aakulu, kudzimbidwa ndi matenda ena ofala ku Ulaya ankasowa m'midzi ya mu Africa. Pamodzi ndi Trowell uja adanena kuti kusiyana kwagona pa zakudya: azungu ankadya ufa woyeretsedwa ndi shuga, pamene anthu akumudzi ankadya chimanga ndi mapira osachotsa gaga, nyemba ndi masamba. Adafika poyeza kulemera kwa chimbudzi cha anthu a maiko osiyanasiyana, ndipo mu 1979 adalemba buku lotchuka lolimbikitsa anthu kudya zakudya zoterezi. Pena adakokomeza, chifukwa matendawa ali ndi zoyambitsa zambiri, koma mfundo yaikulu idaima. Tikamakankhira mgaiwa kumbali n'kumathamangira ufa woyera, tikutaya chimene iye ankauza azungu kuti atengere kwa ife.

Adamwalira pa 23 Malichi 1993 ku Gloucester atadwala sitiroko, ali ndi zaka 82, zaka zinayi rituximab isanavomerezedwe.

Chimene chatsalira ife

Mbiri imasunga dzina la Burkitt, koma mayankho a mafunso ake adachokera kwa anamwino ndi othandizira madotolo a m'zipatala zazing'ono amene ankakumbukira ana awo ndi midzi yawo, ndipo maselo amene adaphunzitsa dziko adachokera m'matupi a ana a mu Africa. Chomvetsa chisoni n'chakuti kumene chotupachi chimachuluka ndiko kumene ana ambiri amafabe nacho. Kuno kwathu chidakali pakati pa khansa zofala kwambiri mwa ana, ndipo chimachizidwa kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Zinthu ziwiri zimene zinkamuvuta Burkitt zimativutabe. Choyamba ndi kuchedwa. Chotupa chowirikiza m'masiku awiri sichidikira kuti akubanja akumane kaye kapena kuti chimanga chigulitsidwe. Mwana akatupa tsaya kapena mimba mofulumira, mano akayamba kugwedera popanda chifukwa, diso likatuluka, kapena miyendo ikafooka mwadzidzidzi, apite kuchipatala sabata yomweyo, osati kokazula dzino. Chotupa chikakula kwambiri, ngakhale kufa kwake kumakhala koopsa: maselo ambirimbiri akafa nthawi imodzi amatulutsa potassium ndi uric acid zimene zingawononge impso ndi kuimitsa mtima. N'chifukwa chake timayamba ndi madiripu ndi allopurinol, ndipo kholo lisaone ngati tikuzengereza.

Chachiwiri ndi kuthawa mankhwala. Ana ambiri a Burkitt ankatengedwa kupita kwawo chotupa chikangophwa, ndipo lero zimachitikabe. Tsaya likabwerera mwakale sindiye kuti maselo onse afa. Otsalawo ndi aja amene ali ouma khosi, osamva msanga lamulo la imfa, ndipo akabwerera amavuta kuchiza kuposa poyamba. Mwana amalize ndondomeko yonse imene achipatala alemba, ndipo abale ake kunyumba azigona m'masikito, poti mapu a Burkitt ndi mapu a malungo.